Za Buku Loyambira Kumbuyo

Tsiku lina m'mwezi wa Marichi, fodya ali m'zigafa, kunafika amayi ena ku ofesi yanga. Amayiwo ndi mmodzi wa akuluakulu amene amasonkhana pa sukulu yathu masana, ana ataweruka, kudzaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Titalonjerana anakhala pansi, natulutsa buku m'kathumba kawo.

"Aphunzitsi," anatero, "ine kuwerenga ndayamba dzana lomweli, ndipo Chizungu sindichimva. Koma maso ndili nawo. Taonani apa. Uyu ndi mnyamata. Apa pali utsi. Apa pali mphaka, zovala za mnyamata uja zili pansi. Kodi mwana wanga ndinamtumiza kuno kuti adzaphunzire kusanduka?"

Ndinachita manyazi, pakuti bukulo linali ndi chidindo cha sukulu yathu, ndipo wodinda ndinali ine ndemwe. Linabwera m'katoni ya mabuku akale amene anthu akufuna kwabwino a kunja anatitumizira. Ine ndinangowawerenga kuchuluka kwake, ndi kuwalemba m'kaundula, ndi kuwaika pa shelefu. Sindinatsegule ndi limodzi lomwe. Anawatsegula ndi asungwana a Sitandade 7 ndi 8, ndipo pofika nthawi imeneyo zikuto zinali zitatha ndi manja. Ena a komiti ya sukulu anali atanena kale kuti mabukuwo atenthedwe. Tsono ndinapempha amayi aja kuti andipatse milungu iwiri, ndiyambe ndawerenga ndisanayankhe. Zimene ndinapeza ndazilemba muno, chifukwa funso lawo lili m'nyumba zambiri kuno kwa Kaomba, makamaka popeza nthano za mtundu umenewu zimafikanso kwa ana athu kudzera pa foni.

Mabuku ake ndi otani?

Mabuku amenewa amasimba nthano ndi zithunzi. Tsamba lililonse analigawa m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse muli chithunzi chimodzi. Mawu amene munthu akunena amalembedwa m'kamtambo kotuluka pakamwa pake. Ife achikulire tinkaona zotere m'nyuzipepala, monga Pewani amene ankajambula Brian Hara mu Malawi News. Koma Pewani anali wa timabokosi towerengeka. Awa ndi nthano imodzi yaitali, yodzaza mabuku ambiri.

Ochokera ku Japan amatchedwa manga, ndipo Ajapani amayamba buku kumene ife timalekezera. Mumatsegula kumbuyo, ndi kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Usiku woyamba ine, mphunzitsi wamkulu, ndinawerenga masamba khumi chobwerera, ndili kudabwa kuti bwanji anthuwa akuyankha asanafunsidwe. Anandiwongolera ndi mwana wanga wa Sitandade 5. Ndanena zimenezi kuti inu amene mwagwira pensulo mutakula musamayese kuti pepala limasokoneza inu nokha.

Buku la amayi aja dzina lake ndi Fruits Basket, ndiko kunena kuti dengu la zipatso. Analilemba ndi kulijambula ndi mayi wa ku Japan, Natsuki Takaya, kuyambira 1998 kufikira 2006, ndipo onse pamodzi ndi mabuku 23. M'katoni yathu munali 6 oyamba okha, a m'Chingerezi. Otsalawo anandithandiza kupeza ndi mphwanga wa ku koleji.

Nthano yake ili motere. Pali msungwana wa ku sekondale, dzina lake Tohru Honda. Atate ake anamwalira iye ali wamng'ono, amake nafa pa ngozi ya galimoto. Anakakhala kwa agogo ake aamuna, koma pamene nyumba ya agogowo inali kukonzedwa, iye posafuna kulemetsa anzake anakamanga hema m'nkhalango, namagona m'menemo. Akaweruka ku sukulu ankapita kukakolopa m'nyumba yaikulu ya maofesi kuti apeze fizi, chifukwa analonjeza amake kuti sukulu adzaimaliza. Nkhalangoyo inali ya banja lolemera la a Sohma. Iwo atampeza anamtenga kuti azikhala nawo, aziwaphikira ndi kuwasesera.

Banjali linali ndi temberero. Anthu 13 a m'banjamo anali ndi mizimu ya nyama, ndipo mwamuna akakumbatiridwa ndi mkazi, kapena mkazi ndi mwamuna, ankasanduka nyama yake, wina khoswe, wina galu, wina ng'ombe, wina kalulu. Nyama 12 ndi zimene anthu a ku China amatchulira zaka zawo. Ya 13 ndi mphaka. Amati kalekale mulungu wa m'nthanomo anaitana nyama zonse ku phwando la mawa, khoswe nanamiza mphaka kuti phwandolo ndi la mkuja. Mphaka anagona tulo, phwando nilimpita. Chiyambire pamenepo mphaka ndi wakunja kwa mzere. Mnyamata wa mzimu wa mphaka ndiye Kyo, waukali, wokonda ndewu, wosalidwa ndi abale ake omwe. Ameneyo ndiye anadzamkonda Tohru, Tohru namkondanso.

Kodi ndi ufiti?

Ndisanayankhe, ndikukumbutseni nthano imene ambiri a inu munaimva pamoto. Ine ndinaimva kwa agogo anga aakazi.

Panali namwali wokongola amene anakana anyamata onse a m'mudzi mwake. Kunabwera mlendo wovala bwino, wolankhula mokoma, namwaliyo namlola tsiku lomwelo. Ponyamuka kupita kwawo kwa mwamunayo, kamlongo kake ka maso a manthongo kanawatsatira. Anakathamangitsa, koma iko kanabisalabisala mpaka kufika. Usiku kanagona m'khola la nkhuku, nikaona mlamu wake ndi abale ake akusanduka afisi, akuzungulira nyumba, akudikira kuti mkwatibwi anenepe. Kutacha kanauza mlongo wake, iye nakatukwana. Tsono kanamanga chingwe ku chala chake cha kuphazi, ndipo afisi atafika usiku kanakoka chingwecho, namwali nadzuka, nadzimvera yekha ndi makutu ake. M'mawa kamnyamatako kanabwereka kasemasema, nikasema nguli yaikulu, nikaimangirira ku dengu. Awiriwo analowa m'dengumo, dengu niliuluka pamwamba pa mitengo kufikira kwawo.

Taonani, munthu kusanduka nyama mulimo. Dengu louluka mulimonso, chinthu chimene titachiona m'buku la mwana tingathamangire nacho kwa anyakwawa. Koma palibe ananenapo kuti agogo anali kutiphunzitsa ufiti. Tonse tinkadziwa kuti fisi wa m'nthano ndi munthu, ndi kuti chikopa cha nyama anamuveka kuti tione bwino mtima wake. Natsuki Takaya wachita chimodzimodzi. M'mabuku onse 23 mulibe tsamba lophunzitsa zitsamba, kapena kukhwima, kapena kutamba. Temberero lake ndi la m'banja: ana amene makolo awo anawakana, ana omenyedwa, ana okula ali kuuzidwa kuti ndi achabechabe. Ana otere ndimakhala nawo m'kalasi tsiku ndi tsiku, ngakhale sasanduka amphaka. Pa funso la ufiti yankho langa ndi lakuti iyayi.

Koma amayi aja sanalakwe kuchita mantha. Anangolozera tsamba lina pamene loopsa lili pena.

Tsamba limene ine ndimaliopa

Lili m'buku la 6. Kyo amavala mikanda pamkono, ndipo saivula. Tsiku lina kuli mvula, bambo amene anamlera anamvula mikandayo dala, Tohru ali kuona. Pomwepo Kyo sanasanduke kamphaka kokongola kaja ayi, koma chilombo chonyansa, chonunkha. Anathawa ndi manyazi. Tohru anadwala ndi fungolo, miyendo ili njenjenje, koma anamtsatira. Kyo pofuna kumuingitsa anamuvulaza ndi zikhadabo. Tohru anatembenuka ngati akupita, koma anabwereranso, namgwira mkono, navomera kuti akuopa, komabe safuna kumsiya. Chilombo chija chinabwerera kukhala munthu.

Masamba amenewa anajambulidwa mwaluso kwambiri, ndipo sindibisa, ndinawerenga misozi ili m'maso. Mawu ndi ochepa. Pena pali dzanja lokha, pena maso okha, pena mvula yokha. Munthu wosadziwa Chingerezi angathe kumva zonse. Luso la mayiyu lagona pamenepo, kuti amadziwa pofunika kukhala chete. Chikondi choyamba sachijambula ndi zinthu zochititsa manyazi ayi. Amachijambula ndi nkhope yoyang'ana kumbali, ndi mawu oyamba koma osamalizidwa, ndi mnyamata wokalipa chifukwa chosowa njira ina yonenera kuti wasamala. Amene anakhalapo ndi zaka 15 azizindikira zimenezi, kaya anakulira ku Tokyo kaya ku Chulu.

Koma tsopano ikani nthano ziwirizi pamodzi. Agogo anati: ukaona kuti mwamuna ndi chilombo, thawa. Takaya akuti: ukaona chilombo, usathawe, pakuti m'kati mwake muli munthu wovulala amene chikondi chako chingamchiritse. Nthano ziwirizi zikukokerana kwina ndi kwina, ndipo pakati pake pali mwana wa zaka 14.

Ndinafunsa asungwana anayi a Sitandade 8 za kusiyana kumeneku. Mmodzi wa iwo, mwana wa amayi aja, anandiyankha mwanzeru. Anati, "Aphunzitsi, fisi anabisa kuti amudye. Kyo anabisa chifukwa cha manyazi." Ananena zoona, ndipo ndinamuyamikira. Koma ndinamfunsanso kuti, "Nanga iwe ungadziwe bwanji kuti uyu ndi fisi, uyu ndi Kyo, onse atavala malaya oyera?" Pamenepo anakhala chete. Woliwerenga buku amadziwa mtima wa Kyo chifukwa wojambula amatilowetsa m'maganizo mwake. Pa msewu palibe kamtambo koonetsa zimene munthu akuganiza.

Funsoli si lamasewera kuno kwathu. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayenda, ndipo alendo ovala bwino, olankhula mokoma, amachuluka pa masitolo. Nyengo imeneyo ndi yomwenso ana a Sitandade 8 amakonzekera mayeso. Chaka ndi chaka ndimadula maina m'kaundula, ndipo ambiri ndi a asungwana. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu asakwatiwe kapena kukwatira asanafike zaka 18. Lamulo ndi labwino, koma lamulo silimanga chingwe ku chala cha mwana usiku. Msungwana amene wakhulupirira kuti ukali wa mwamuna ndi chikondi chobisika, ndi kuti kupirira kwake kudzamsintha, adzapirira mbama yoyamba, napiriranso yachiwiri. Asungwana athu timawalangiza kale za kupirira mopitirira muyeso. Safunika buku lina lowawonjezera.

Pa chifukwa chomwecho Tohru amanditopetsa m'mabuku oyamba. Sakwiya, sadandaula, amapepesa ndi pamene sanalakwe. Amaphika, amachapa, amamvetsera mavuto a aliyense. Komabe ndiyenera kunena mwachilungamo kuti wolemba anachiona yekha chilema chimenechi. Ndi Kyo yemwe amene amauza Tohru kuti si kulakwa kudandaula ndi kunena chimene iye mwini akufuna. Ndipo m'mabuku a kumapeto timaona kuti kumwetulira kuja kunali kuphimba chisoni cha amake chimene sanachilire mokwanira. Vuto ndi lakuti ana athu ali ndi mabuku 6 okha. Aona bala, koma mankhwala ake ali m'mabuku amene sanafike.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chinandikondweretsa. Tohru ali ndi anzake awiri aakazi, Arisa ndi Saki. Atamva kuti akukhala m'nyumba ya anyamata, anapita okha kukagona komweko kuti aone ngati ndi malo oyenera. Ndinaseka ndekha, ndi kuti awa ndiwo ankhoswe. M'nthano zambiri zotere zimene ndaona pa foni mulibe ankhoswe, mulibe amalume, mulibe azakhali. Muli anthu awiri okha ndi mwezi kumwamba, ngati anachita kugwa kuchokera mumtengo.

Za maloto

Mabuku amenewa amakondanso kunena za maloto, ndiko kuti chimene mwana akufuna kudzakhala. Ambiri a pa foni aja amanama pamenepa. Msungwana ndi wosauka pa tsamba loyamba, akumana ndi mwana wa mfumu kapena wa mpondamatiki, ndipo pa tsamba lomaliza zonse zili bwino. Loto lake limabwera pa galimoto ya mwamuna. Bodza limeneli ndi loopsa kuposa mphaka aliyense, chifukwa ndi lomwelo limene amanena alendo a pa masitolo aja.

Fruits Basket pamenepa ndimaliyamikira. Loto la Tohru ndi laling'ono, kumaliza sukulu basi, ndipo amalilipira ndi chikolopa. Ngakhale akukhala ndi anthu olemera, saleka ntchito yake ya madzulo. Iye ndi Kyo amayamba amaliza sukulu, ndipo pambuyo pake ndi pamene amachoka limodzi. Masamba omaliza amawaonetsa ali nkhalamba, atagwirana manja, ali ndi mdzukulu. Chikondi chake ndi chodikira, ndipo asungwana anga ndinawauza mathero amenewa dala.

Koma za maloto sitisowa kupita ku Japan. M'boma lathu lomwe lino, kwa Wimbe, m'mudzi wa Masitala, munakulira William Kamkwamba, wobadwa m'chaka cha 1987. Njala ya 2001 ndi 2002 mukuikumbuka. Makolo ake analephera kulipira fizi, iye naleka sekondale. Ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, ndipo kumeneko anapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyenda ndi mphepo pachikuto. Chingerezi chake chinali chochepa, motero anatsatira zithunzi, ndi kumafananiza mawu ndi chojambulidwa. Anatola zitsulo zotayidwa, ndi njinga yakale ya atate ake, ndi mapaipi, ndi milongoti ya bulugama, napanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba mwawo ali ndi zaka 14. Anthu ankati wachita misala. M'chaka cha 2007 anakalankhula ku msonkhano waukulu ku Arusha, mu 2009 mbiri yake inatuluka m'buku, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Mu 2012 kunatulukanso buku la ana la mbiri yomweyo, la zithunzi zojambulidwa ndi Elizabeth Zunon.

Ndatchula mwanayu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amene amati zithunzi ndi za ana aulesi aganize bwino, pakuti ndi chithunzi chimene chinamtsegula maso. Chachiwiri ndi chowawa. Buku lake la zithunzi lija pa shelefu yathu palibe. Ana anga amadziwa mtundu wa tsitsi la Kyo, koma ena sadziwa kuti kwa Wimbe ndi ulendo wa panjinga.

Ndili ku sekondale, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kunkabwera timabuku ta zithunzi ta msungwana wotchedwa Sara ndi kanyani kake Zingo, timene bungwe la UNICEF linakonzera maiko a kuno kummawa ndi kummwera kwa Africa. Sara anali wathuwathu. Ankatunga madzi, ankatola nkhuni, ankalimbana ndi achibale ofuna kuti aleke sukulu ndiponso mwini sitolo wofuna kumkola ndi mphatso. Timabuku timeneto tinathandiza, ndipo ndikanakonda titabweranso. Koma phunziro lake linkaonekera patali ngati mankhwala osapaka shuga, ndipo m'timene ine ndinawerenga chikondi chinkaoneka ngati msampha wokhawokha. Mwana amadziwa kuti si zoona zonse. Amamva yekha mtima wake ukugunda pamene mnyamata wina wadutsa, ndipo palibe wamkulu amene amavomera kuti zimenezo zimachitika ndi kwa ana abwino omwe. Buku la ku Japan limavomera. Ndi chifukwa chake zikuto zake zatha, pamene mabuku ena a m'katoni yomweyo akadali atsopano.

Chimene chikusowa ndi buku lachitatu, la m'Chichewa, lojambulidwa ndi mwana wa kuno. Msungwana wake akhale wosoka fodya m'chigafa, phiri la Kasungu likuoneka kumbuyo. Akonde mnyamata ndithu, achite manyazi, alembe kalata naing'amba. Fisi akhalemo, nguli youluka ikhalemo. Ojambula alipo. Ndimawalanda makope tsiku ndi tsiku chifukwa chojambula kumapeto kwake nthawi ya masamu, ndipo kuyambira mwezi wa Marichi uja ndimayamba ndayang'ana bwino chojambulidwacho ndisanakalipe.

Milungu iwiri itatha tinakhala pansi ndi a komiti. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Mabuku sanatenthedwe. Tinagwirizana kuti aziwerenga a Sitandade 7 ndi 8 okha, ndi kuti buku la 6 aziwerenga pamodzi ndi aphunzitsi aakazi, akatha azisimbirana nthano ya fisi ija. Bambo mmodzi sanakhutire, ndipo mpaka lero mwana wake saloledwa kuwagwira. Ndinamuuza kuti mwana ndi wake, sindidzamkakamiza.

Amayi aja ndinawabwereka buku la 6 kuti akaone okha ndi mwana wawo. Anakhala nalo masiku anayi. Pobweza anatsegula kumbuyo, monga kuyenera, napita msanga pa tsamba la mvula lija, naika chala pa Tohru ali yekha m'nkhalango ndi chilombo.

"Aphunzitsi, ufiti mulibe, ndaona. Mwana wandiwerengera mawu onse, ine ndili kutsatira zithunzi. Koma ndamfunsa kuti kamlongo kake kali kuti? Mwana wamkazi kupita yekha kutchire usiku, wopanda womkokera chingwe?"

Ndinati m'bukumo mulibe kamlongo.

"Ndamuuza kuti iye ali nako," anatero. Anakulunga chitenje, naimirira, nafika pakhomo, natembenuka. "Nanga la 7 mwati lili kuti?"